Anafa Pothamangira Kupulumutsa Anzawo: Ngongole Imene Mulanje Ayenera Kuikumbukira

Anthu a m'boma la Mulanje sadzaiwala msanga masiku a pakati pa mwezi wa March, 2023, pamene namondwe wotchedwa Freddy, atalowa kumtunda pafupi ndi Quelimane pa 11 March, anadzakhuthula mvula yake pa phiri ndi pa midzi yonse yolizungulira. Mvulayo inagwa usana ndi usiku osalekeza, kotero kuti ku Nkhulambe, kuseri kwa phiri m'boma la Phalombe, anayesa mvula yoposa mamilimita 1,000 m'masiku anayi okha. Mitsinje inasefukira, miyala ikuluikulu inagubuduka kuchokera m'mapiri pamodzi ndi matope ndi mitengo, milatho inakokoloka, ndipo madera ena, monga a ku Muloza kwa Mfumu Njema, anatsekeka kotheratu, osafikika ndi galimoto ngakhale njinga. M'chigawo cha Kummwera anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, ndipo oposa 650,000 anasiya nyumba zawo.

M'masiku amenewo chithandizo china chinadzera kumwamba. Maiko a Tanzania ndi Zambia anatumiza ndege zawo za helikopita pamodzi ndi asilikali oziyendetsa, ndipo ndege zotere zinafika kumene msewu unali utatha, kukatula ufa, mankhwala ndi anthu a chipatala, ndi kunyamula ovulala ndi odwala kupita nawo kumene kunali madotolo. Amene anapulumuka motero akukumbukira mkokomo wa ndegeyo ndi mphepo yake imene inkagwetsa chimanga m'minda, koma ndi owerengeka amene angathe kutchula dzina la munthu ngakhale mmodzi mwa amene anali m'katimo. Palibe wowadzudzula, pakuti munthu wothyoka mwendo kapena mayi amene matenda amuyamba alibe mpata wofunsa maina.

Komabe nkoyenera kuti owerenga adziwe kuti anthu a ntchito imeneyi si onse amene amabwerera kwawo madzulo. M'zaka zapitazi madotolo, anamwino ndi oyendetsa ndege angapo afera m'njira, m'maiko oyandikana ndi lino ndi a kutali omwe, akuthamangira wodwala amene sanamuonepo nkale lomwe. Boma limene linalandira chithandizo chochokera kumwamba pa tsiku la tsoka lili ndi chifukwa chomveka chofunsira kuti anthu otere amawalemekeza bwanji akafa. Ulemu wake uli patatu: kusunga maina awo, kusamala amasiye awo, ndi kukonza chimene chinawapha. Wachitatuwu ndiwo umene umaiwalika msanga, chonsecho ndi umene umasunga moyo wa anzawo otsala.

KUCHOKERA PA MACHILA KUFIKA PA NDEGE

Ntchito yonyamula odwala si yachilendo m'dziko lino. Akuluakulu a ku Mulanje akudziwa kuti galimoto lisanafike m'midzi, wodwala ankapita naye ku chipatala cha Mishoni pa machila, amuna akulandizana mtengo pa phewa, kuwoloka mitsinje yodzala ndi kukwera zitunda usiku ndi miuni. Ngakhale lero m'midzi yambiri wodwala amayamba ulendo wake pa njinga, pa ngolo kapena pa msana wa mbale wake. Pa Nkhondo Yaikulu ya 1914 mpaka 1918 amuna zikwizikwi a dziko lino anatengedwa kukhala amtengatenga, kusenza katundu wa asilikali, ndipo ambiri anafera m'njira ndi matenda ndi njala. Maina a ochuluka a iwo sanalembedwe pa mwala uliwonse. Kuyambira kale, tsono, wonyamula mnzake ndiye amene mbiri imamuiwala poyamba.

Nzeru yotengera dotolo kwa wodwala pa ndege inakhazikika ku Australia, dziko la zipululu zazikulu kumene munthu ankatha kufa ndi bala laling'ono chifukwa chipatala chinali ulendo wa masiku ambiri. Mbusa John Flynn, wa mpingo wa Presbyterian, ndiye anakakamira nkhaniyi kufikira pa 17 May, 1928, pamene ndege yoyamba yonyamula dotolo inanyamuka pa tauni ya Cloncurry. Anthu a ku Australia anamulemekeza mbusayo poika nkhope yake pa ndalama yawo ya pepala ya madola 20. Helikopita inayamba kupulumutsa ovulala mu April, 1944, m'nkhalango za Burma, dziko limene asilikali a K.A.R. ochokera kuno anamenyako nkhondo chaka chomwecho, ndipo pa nkhondo ya ku Korea ya 1950 mpaka 1953 inakhala njira yodziwika yochotsera ovulala kutsogolo kwa nkhondo.

Mu Africa muno ntchitoyi inapita patsogolo ndi madotolo atatu, Sir Archibald McIndoe, Michael Wood ndi Tom Rees, amene mu 1957 anakhazikitsa ku Kenya bungwe limene likudziwika ndi dzina lakuti AMREF, ndipo ndege zake zimanyamukira pa bwalo la Wilson mu mzinda wa Nairobi. Ku Zambia, Dr. James Lawless anayambitsa ntchito ya madotolo oyenda pa ndege mu 1965, likulu lake lili ku Ndola, ndipo mu 1967 Nyumba ya Malamulo ya dzikolo inaikhazikitsa ndi lamulo. Chimene anthu onsewa anaona ndi chimodzi: kuti matenda ambiri amapha chifukwa cha mtunda, ndipo wofupikitsa mtunda wachita theka la ntchito ya dotolo. Kuchokera pa boma la Mulanje kufika ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre, helikopita singathe ndi theka la ola lomwe. Koma mlatho umodzi ukakokoloka, galimoto la odwala likhoza kudikira masiku.

CHIFUKWA CHAKE NTCHITOYI ILI YOOPSA

Ena angafunse chifukwa chimene ndege za odwala zimagwera kawirikawiri kuposa ndege zikuluzikulu za apaulendo. Yankho lake lili m'kachitidwe ka ntchitoyo. Ndege ya apaulendo imanyamuka pa bwalo lodziwika kupita pa bwalo lodziwika, pa nthawi imene inakonzedwa kale, ndipo nyengo ikaipa apaulendo amauzidwa kuti adikire. Ndege ya odwala imanyamuka pamene yaitanidwa, kaya ndi pakati pa usiku kaya kunja kuli mvumbi, ndipo helikopita imakatera pa malo amene woyendetsa sanawaonepo: pa msewu, m'munda, pa bwalo la sukulu. Imauluka m'munsi, kumene kuli mitengo, zitunda ndi mawaya a magetsi, ndipo waya ndi chinthu chimene munthu ali m'mwamba sachiona kufikira atachiyandikira. M'katimo malo ndi opanikiza, ndipo dotolo ndi namwino maso awo ali pa wodwala.

Phiri la Mulanje ndi chitsanzo chabwino cha zoopsa zimenezi. Nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, ndipo makoma a phirilo amangoti njo kuchokera m'minda ya tiyi ya m'munsi mwake. Aliyense wokhala kumeneko akudziwa chiperoni, mitambo yozizira ya mvula yamawawa imene imadza ndi mphepo ya kummwera chakum'mawa, ndipo dzina lake linachokera ku phiri la Chiperone la ku Mozambique. Kunja kukhoza kucha kuli ngwee, koma pasanathe ola phiri lonse lakwiririka. Woyendetsa ndege akalowa mu mtambo mosayembekeza, maso ake saonanso pamene dziko lalekezera, ndipo thupi limayamba kumunamiza: amamva ngati ndege ili chilili pamene yapendekeka, kapena ngati ikukwera pamene ikutsika. Amene sanazolowere kukhulupirira zipangizo za patsogolo pake koposa thupi lake amasokonezeka m'kanthawi kochepa, ndipo m'kati mwa mtambo wa ku Mulanje muli thanthwe.

Choopsa china chili mumtima mwa munthu, ndicho chifundo. Woyendetsa amene wauzidwa kuti kuseri kwa phiri kuli mwana amene afa ngati safika ku chipatala usiku womwewo, zimamuvuta kunena kuti nyengo siilola. Amayesa, nati mwina mtambo ung'ambika patsogolo; akapita patsogolo, kubwerera kumaoneka kwamanyazi. Ngozi zambiri za ndege za odwala zachitika motero, kwa anthu aluso ndi a mtima wabwino. Nchifukwa chake m'mabungwe ambiri a ntchitoyi anaika mwambo wakuti woyendetsa asauzidwe za wodwala, kaya ndi mwana kaya ndi nduna, kufikira atayamba waweruza yekha ngati nyengo ikulola ulendo.

AMENE SANABWERERE KWAWO

Pa 21 January, 2021, pamene matenda a Covid-19 anali atafika poipa ku South Africa, helikopita ya Netcare 911 inanyamuka ku Johannesburg kupita ku Hillcrest, pafupi ndi Durban, kukatenga wodwala wakayakaya. Inagwa m'njira, pafupi ndi Bergville m'chigawo cha KwaZulu-Natal, ndipo onse asanu amene anali m'katimo anafa: madotolo awiri, namwino wa m'chipinda cha opaleshoni, katswiri wosamala ovulala paulendo, ndi woyendetsa ndegeyo. Mmodzi wa madotolowo anali atangochoka kumene m'gulu limene linayesetsa kupulumutsa nduna ya boma, Jackson Mthembu, amene anamwalira ndi Covid-19 tsiku lomwelo. Ofufuza anapeza kuti chitsulo china chogwirizira mapiko ozungulira chinathyoka ndege ili m'mwamba. Amalawi ambiri akugwira ntchito ku Johannesburg ndi ku Durban, ndipo akadwala amagonekedwa m'zipatala za m'mizinda yomweyo. Imfa ya madotolo ndi anamwino akumeneko si ya eni dziko okha.

Pa 31 January, 2025, ndege ya odwala inanyamuka madzulo mu mzinda wa Philadelphia ku America, itanyamula kamtsikana ka ku Mexico kamene kanali katatsiriza kulandira chithandizo, pamodzi ndi mayi ake, dotolo, wothandiza dotolo ndi oyendetsa awiri. Anali kubwerera kwawo ku Mexico, pa ulendo wopita ku Tijuana. Ndegeyo inagwera pakati pa nyumba za anthu itangonyamuka kumene, onse asanu ndi mmodzi anafa, ndipo ngoziyo inapha ndi kuvulaza ena amene anali pansi. Ofufuza atatola makina ojambula mawu a oyendetsa anapeza kuti sanajambule kanthu, ndipo zinaoneka kuti anali atakhala zaka zingapo osagwira ntchito popanda wozindikira.

Pa 7 August chaka chomwecho tsoka linagwera bungwe la AMREF lija. Ndege yake inanyamuka masana pa bwalo la Wilson kupita ku Hargeisa, ku Somaliland, kukatenga wodwala, ndipo patangopita mphindi zochepa inagwera pa nyumba za ku Mwihoko, m'dera la Kiambu, kunja kwa Nairobi. Oyendetsa awiri, dotolo ndi namwino anafera pomwepo, pamodzi ndi anthu awiri amene anali pansi. Bungwe limene latumikira Africa kuyambira 1957 linaika m'manda antchito ake anayi amene anachoka pakhomo m'mawa monga mwa masiku onse.

Malawi nayenso ali ndi bala lake la mumlengalenga. Pa 10 June, 2024, ndege ya asilikali ya mtundu wa Dornier 228 inagwa m'nkhalango ya Chikangawa kunja kuli nkhungu ndi mvula, ndipo anthu asanu ndi anayi anafa, mmodzi wa iwo ali Wachiwiri kwa Mtsogoleri wa dziko, Dr. Saulos Chilima. Ndegeyo sinali ya odwala, koma inatenga anthu a ntchito ziwiri zomwe nkhani ino ikunena: asilikali atatu oyendetsa ndi kusamala ndege, mmodzi wa iwo ali mayi, ndiponso wachipatala amene ankayenda ndi Wachiwiri kwa Mtsogoleriyo. Dziko linakhuza maliro masiku 21. Ndegeyo inapezeka tsiku lotsatira, ndipo akatswiri a ku Germany amene anaitanidwa kudzafufuza analemba kuti inalibe makina ojambula mawu ndi kayendedwe kake, ndi kuti batire la kachipangizo kamene kamalira pa wailesi ndege ikagwa, kuti ofunafuna adziwe pamene ili, linali litatha nthawi yake mu 2004.

Wowerenga nkhani zinayizi mofatsa aona kuti imfa yotere kawirikawiri imayambira pansi, ndege isananyamuke: pa chitsulo chimene chinatopa, pa makina amene analeka kugwira ntchito, pa batire limene silinasinthidwe, pa ulendo umene unayambidwa kunja kusakulola. Zinthu zimenezi ndi zazing'ono pa maso, ndipo zili m'manja mwa amakaniko, osunga mabuku, ogula zipangizo ndi ovomereza ndalama, anthu amene mwina sanakwerepo ndege.

ULEMU WOPOSA NKHATA ZA MALUWA

Dziko la America linaphunzira phunziro limeneli ndi misozi. Mu 2008 anthu 29 anafa m'ngozi za helikopita za odwala m'dzikolo, chiwerengero chimene chinali chisanaonekepo m'chaka chimodzi. Bungwe la boma lofufuza ngozi linaitanitsa msonkhano wapoyera mu February, 2009, kumene oyendetsa, madotolo ndi eni ndege anafunsidwa mafunso masiku angapo. Mu February, 2014, boma linatulutsa malamulo atsopano: kuti helikopita iliyonse ya odwala ikhale ndi chipangizo chochenjeza woyendetsa akayandikira phiri kapena nsanja, kuti ikhale ndi makina olemba kayendedwe kake, kuti ulendo uliwonse usanayambe zoopsa zake ziyesedwe ndi kulembedwa, ndi kuti makampani aakulu akhale ndi anthu pansi otsatira nyengo ndi kulankhula ndi woyendetsa. Zinatenga zaka zoposa zisanu, ndipo abale a omwalira anali m'gulu la amene sanalole kuti nkhaniyo izizire.

Antchito eni ake anaikanso mwambo wawo umene uli wofunika kuudziwa. M'helikopita ya odwala nthawi zambiri mumakhala anthu atatu, woyendetsa ndi achipatala awiri. Mwambowo umati kuti ulendo uyambe, onse atatu avomere. Koma mmodzi yekha akakana, kaya ndi namwino wamng'ono pa onse, ulendo watha, ndipo palibe womuimba mlandu. Umagwiranso ntchito ndege ili kale m'mwamba: wina akaona kuti kutsogolo sikuli bwino, amabwerera. Mwambo wotere unagulidwa ndi miyoyo ya anthu, ndipo tsiku lililonse limene ndege yabwerera pa bwalo lake chifukwa wina anakana, akufa aja alemekezedwa koposa mmene nkhata ya maluwa ingawalemekezere.

Izi sizikuchepetsa mwambo wa chikumbutso. Mtundu wa anthu umene umamanga chiliza, ndi kusonkhana abale patapita miyezi kudzatchula dzina la malemu ndi kuona mmene ana ake akukhalira, ukudziwa kale kuti maliro satha tsiku loika. Chaka ndi chaka m'mwezi wa November dziko lino limakumbukira asilikali amene anafa pa nkhondo, pa nsanja ya chikumbutso ku Zomba ndi ku Lilongwe, ndipo pa 3 March limakumbukira amene anafera ufulu. Nkoyenera kuti amene amafa akupulumutsa anzawo pa nthawi ya mtendere, oyendetsa ndege, anamwino, oyendetsa galimoto la odwala ndi asilikali a m'mabwato a pa madzi osefukira, akhale nawonso ndi buku limene maina awo alembedwamo, ndi tsiku limene mainawo awerengedwa mokweza. Dzina lolembedwa limakumbutsanso a maofesi kuti pali mkazi kapena mwamuna wamasiye, ndi ana ofunika fizi.

GAWO LA ANTCHITO A BOMA NDI APHUNZITSI

Tsoka la madzi lidzabweranso ku Mulanje, pakuti si loyamba. Mu March, 1991, napolo anatsika m'phiri la Michesi ndi kupha anthu mazanamazana ku Phalombe, dera limene panthawiyo linali mbali ya boma la Mulanje. Ndipo asanafike Freddy, namondwe Idai mu 2019 ndi namondwe Ana mu 2022 anali atasautsa kale chigawo cha Kummwera. Tsiku limene misewu idzadukenso, ndege zidzaitanidwanso, ndipo moyo wa amene ali m'katimo udzadalira kwambiri anthu a pansi. Apa ndi pamene mphunzitsi ndi wantchito wa Boma ali ndi gawo lawo.

Mphunzitsi wamkulu ayenera kudziwa kuti bwalo la mpira la sukulu yake ndilo malo amene helikopita ingafune kuterapo, chifukwa ndi poyera ndiponso posalala. Nkwabwino kuti adziwiretu kumene mawaya a magetsi adutsa ndi kumene kuli mitengo italiitali, kuti akafunsidwa pa lamya ayankhe msanga ndi molondola. Ndege isanafike, pabwalopo pachotsedwe malata, mapepala, nsalu, zidebe ndi chilichonse chimene mphepo ingachiulutse, pakuti chinthu chopepuka chikakwera m'mapiko chikhoza kugwetsa ndege. Mbuzi ndi ng'ombe zimangidwe kutali. Ana ndi akulu omwe aime patali ndithu, ndipo asayandikire kufikira a m'ndegemo atawakodola. Woyandikira adzere kutsogolo kumene woyendetsa akumuona, ataweramira pansi, osanyamula chinthu chachitali. Asadzere konse kumchira, kumene kuli mapiko ang'onoang'ono ozungulira mwaliwiro kotero kuti saoneka. Pamalo otsetsereka adzere kumunsi, chifukwa kumtunda mapiko amayandikira nthaka. Utsi wochepa wofukizidwa m'mphepete mwa bwalo, kutali ndi poterapo, umathandiza woyendetsa kuona kumene mphepo ikulowera. Phunziro limeneli silingathe ola limodzi m'kalasi, ndipo mwana amene walimva adzaletsa makolo ake kuthamangira ndege.

Wantchito wa Boma gawo lake ndi lolemera koposa, chifukwa lili pa mawu ndi pa mapepala. Bwana amene ali pa lamya pa tsiku la tsoka, anthu akulira pakhomo pa ofesi yake, amafuna kuti ndege inyamuke nthawi yomweyo. Koma woyendetsa akati chiperoni chatseka njira, mawu akewo akhale otsiriza, ndipo pasakhale womukumbutsa udindo wa amene waitana kapena wa amene akuyenera kukwera. Wofunsidwa za nyengo ya kumene ali anene zoona zokhazokha, kuti phiri likuoneka kapena silikuoneka, osakometsa nkhani pofuna kuti chithandizo chifike. Wovomereza ndalama akaona pempho la batire, la tayala kapena la maphunziro obwereza a oyendetsa, adziwe kuti kachinthu kameneko ndi kamene kamalekanitsa ulendo wabwino ndi maliro. Ofufuza ngozi akatulutsa lipoti lawo, pakhale munthu wodziwika ndi dzina amene ntchito yake ndi kuona kuti malangizo a m'lipotimo achitidwa, limodzi ndi limodzi. Ndipo kalaliki amene fayilo ya wamasiye yafika pa tebulo lake, ya penshoni kapena ya chipukuta misozi, aiyendetse tsiku lomwelo, pakuti mawu onse okoma amene ananenedwa pa manda amayesedwa pa tebulo limenelo.

Nzeru zatsopano zachepetsako maulendo ena oopsa. Mu March, 2016, tindege topanda munthu m'kati, timene ambiri amatitcha madironi, tinayesedwa ku Lilongwe kunyamula magazi a makanda okayezedwa. Mu June, 2017, Boma pamodzi ndi UNICEF linatsegula ku Kasungu dera loyeserako tindege totere pa ntchito zachifundo. Ndipo mu January, 2020, sukulu yophunzitsa achinyamata a mu Africa kupanga ndi kuyendetsa tindegeti inatsegulidwa ku Lilongwe. Katemera, mankhwala ndi magazi okayezedwa zikhoza tsopano kuwoloka mtsinje wodzala popanda kuika moyo wa munthu pachiswe, ndipo kadironi kakagwa, chotayika ndi ndalama. Koma kadironi sikanganyamule mayi amene mwana wapingasa m'mimba, kapena bambo amene khoma lamugwera pa msana. Pa odwala otere padzafunikabe woyendetsa, dotolo ndi namwino okwera ndege ndi kulowa m'chigwa chimene ena onse akuthawamo.

Akale anati maliro ndi kulirana. Anthu a ku Muloza ndi a ku Nkhulambe anathandizidwa mu 2023 ndi alendo amene anasiya mabanja awo ku Tanzania ndi ku Zambia, nadzauluka m'mphepete mwa phiri limene sanakulire pafupi nalo. A ntchito yomweyo akamagwa ku Bergville, ku Mwihoko kapena ku Chikangawa, maliro amenewo ndi a ku Mulanje omwe. Mudzi sungathe kupita kukakhuza ku Nairobi; chimene ungathe ndi kusunga bwalo loyera, kuphunzitsa ana ake kuima patali, kunena zoona za mtambo, ndi kulola woyendetsa kukana. Otsala pa ntchitoyi akadzaitanidwanso kuseri kwa Sapitwa, apeze kuti anthu a pansi anakonzeka kuwalandira ndi kuwabweza kwawo ali amoyo.